Chinsinsi Chimene Foni Inapekera Amayi

Kwathu kuno ku Bembeke,
Dedza.
16 Julayi 2025

Okondedwa achimwene a Bartholomew,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana onse kumeneko ku Mzuzu. Musadabwe kuona pepala m'malo mwa uthenga wa pa foni. Masiku ano foni sindikufuna n'kuiona komwe, ndiponso nkhani iyi si yoti mawa tiipeze ikuzungulira m'magulu a anthu. Ndapatsira a Ignasio, aja amabweretsa mbatatesi kumeneko pa lole, ndipo ndawauza kuti akupatseni m'manja mwanu, osati kusiyira mlonda pa geti.

Kuno chisanu chafika poipa. Nkhungu ikumachoka dzuwa litakwera kale, ndipo kuchipatala kwathu tikungolandira ana a chifuwa okhaokha. Mwana wanga Ufulu akukula, wayamba kuyankha mwano ngati mmene munkachitira inu muli wamng'ono. Kabichi wa kudimba wachita bwino, chimanga ndiye tingoti bola. Zimenezi ndangolemba kuti kalata ikhale ndi poyambira, koma ine sindili bwino ayi. Ndikufuna mubwere mudzawatenge Amayi sabata ino isanathe. Werengani kaye mpaka kumapeto musanayambe kundiimbira.

Mukukumbukira masewera aja alamu anu a Matthew anabwera nawo kuchokera ku koleji? Pa Khirisimasi munawaona, mpaka munandifunsa ngati mutu wawo ukuyenda bwino. Amuna akuluakulu a ndevu zawo amazungulira tebulo pakhonde pathu Lamulungu lililonse tikachoka ku Misa, aliyense akunamizira kukhala munthu wina. Uyu msilikali, uyu wakuba, uyu sing'anga, onse ali pa ulendo m'dziko limene kulibe. Amaponya timadayisi ta mbali zambirimbiri, ndipo nambala imene yatuluka ndiyo imanena ngati munthu walumpha mtsinje kapena wagweramo. A Matthew ndiwo mwini nkhani. Iwo sakhala nawo pa ulendo. Ntchito yawo ndi kuyankhula m'malo mwa anthu onse amene apaulendowo akukumana nawo m'njira, kaya ndi wogulitsa mowa, kaya mlonda wa pa mlatho. Anthu amenewa alibe wowasewera, ndiye a Matthew amayenera kuwapeka okha.

Ine sindinkadana nazo. Ndinkati bola zimenezi kusiyana ndi kukagona m'ngalande ku Chimbiya ngati anzawo ena. Ndinkawaphikira ndi tiyi yemwe.

Chaka chatha a Dennis, akalaliki a kusukulu kwawo, anawaonetsa tsamba lina la pa intaneti lopekera anthu oterewa. Umangolembapo mawu pang'ono, mwina kuti bambo wogulitsa nyama, n'kudina, basi. Limakupatsa dzina la munthuyo, nkhope yake yojambulidwa bwinobwino, kayankhulidwe kake, chimene akufuna pa moyo, ndiye pansi penipeni chinsinsi chake. Aliyense amatuluka ndi chinsinsi, achimwene, palibe amene amatuluka woyera. Wogulitsa nyama uja anatuluka woopa magazi, ndipo ine ndemwe ndinaseka mpaka misozi. Alamu anu anasangalala ngati mwana wogulidwa njinga. Kungoti anthu a pa foniwo ankatuluka achizungu okhaokha, a zipewa zosongoka ndi malupanga, ndipo anzawo anayamba kudandaula kuti sakukoma. Ndiye mphunzitsi wanzeruyo anaganiza zoti azilemba maonekedwe a anthu amene amawaona tsiku ndi tsiku, kuti azituluka ooneka akwathu.

Mwezi watha nkhani yawo inafuna mayi wokalamba wokhala m'mphepete mwa phiri. Pa agogo onse a m'boma la Dedza, alamu anu anasankha apongozi awo. Zimene analemba ndinadzaziona ndi maso angawa. Anati mayi wachikulire wamasiye, wotsimphina mwendo wamanzere, wovala jekete la malemu mwamuna wake, woyenda ndi ambulera ngakhale kulibe mvula, woweta nkhunda zimene amaziitana ndi kamluzu n'kumatera pamapewa pake. Dzina sanalembe, ndipo mpaka lero aima nji pomwepo, akuti, "Komatu dzina sindinalembe." Asa! Ngati kuti ku Bembeke kuno alipo amayi ena amene amayenda ndi jekete la Abambo.

Chimene chimandinyansa kwambiri ndi ichi. Chindikwatireni, a Matthew sanawayang'anepo Amayi m'maso. Akawaona akubwera m'njira amapatukira m'tchire, kufika kunyumba buluku lili chisoso chokhachokha. Akafuna kuwauza kanthu amanjuta patali n'kutuma ine, ngakhale Amayi ali pomwepo akumva. Amayi amawatama kwa aliyense kuti akamwini aulemu chotere anatha kale. Chonsecho maso oyang'ana pansi aja ankaona zonse, ndi mwendo womwe.

Foni inachita ntchito yake. Nkhope sinafanane kwenikweni, koma jekete, ambulera ndi mbalame pamapewa zinalipo zonse. Ndiye pansi paja inalemba chinsinsi. Inati nkhunda za mayiyu si nkhunda ayi, ndi ana a m'mudzi amene anawasandutsa, ndipo akafuna kuonjezera ina m'khola, mwana mmodzi amayamba kubanika. Munthu wobadwira konkuno, woyamwa bere la mayi wa konkuno, anawerenga mawu amenewo n'kuona kuti akometsa nkhani! Anakwera njinga mpaka ku boma kukapulinta pa pepala lolimba, la mitundu.

Khonde lathu mukulidziwa, linayang'ana njira ya ku mjigo. Pakakhala masewera anthu amaima kuonerera, ena ndi ndowa pamutu. Lamulungu limenelo ine ndinali kukhitchini pamene ndinamva mawu akuti, "Lowani ana anga, kunjaku kukuzizira. Mwadya koma?" Ndinaganiza kuti Amayi abwera, mpaka ndinatenga kapu yoonjezera. Potuluka ndinapeza ali amuna anga, atapinda msana, chithunzi chili pa tebulo, akutsanzira apongozi awo pamaso pa anthu. Khonde lonse linali phwete. Ndinabwerera mkati mtima ukuwira, ndinati pali alendo, ndinena akachoka. Za chinsinsizo sindinazimve. Akuti a Dennis, amene ankasewera ngati wakuba, anaponya dayisi, nambala inatuluka yaikulu, ndiye anasuzumira m'khola la gogoyo, ndipo a Matthew anawerenga mawu aja mokweza, ndi mawu onjenjemera kuti zikome. Pakati pa oima ndi ndowa panali Anjelina, mkazi wa a Timoteyo, aja anamanga kuseri kwa Amayi.

Atachoka alendo ndinawakalipira za kutsanzirazo. Anapepesa moseka, ine n'kumati zatha.

Sabata isanathe nkhani inali itavala zina. Za masewera palibe ankazitchula. Ku mjigo ankati aphunzitsi afunsa pa kompyuta, ndipo yawatulutsa Anangozo, Amayi athu, ndi chithunzi chomwe. Ena ankati waulula ndi mkamwini wawo weniweni, angawanamizire bwanji? Ine ndinadzamva kwa mnzanga wa kuntchito, amene anandikokera kuseri kwa chipinda cha mankhwala n'kundifunsa monong'ona ngati ndikudziwa zimene zikukambidwa. Ndinangokhala pa katoni, achimwene.

Ana anasiya kudutsa pabwalo pa Amayi. Ku mphakati, mkeka umene akhalapo umakhala ndi malo ambiri. Ku Misa, pa nthawi ya moni wa mtendere, Amayi anatambasula dzanja, ndipo mayi amene anali pambali pawo anayamba kumanga chitenje chimene chinali chomanga kale. Mukudziwa kuti makutu awo masiku ano samva bwino, ndiye zonong'onazo siziwapeza. Potuluka anandifunsa kuti, "Kodi matenda aja oletsa kugwirana chanza abweranso?" Ndinati eya, akuti tizisamala. Ndinanama pakhomo pa tchalitchi.

Kenaka Alile, mwana wamng'ono wa Anjelina, anadwala. Ndi chibayo, achimwene, chibayo chenicheni cha mwezi uno, chimene ndachiona kambirimbiri. Anabwera naye kuchipatala kwathu nthiti zikulowa mkati. Nditatambasula manja kuti ndimulandire, Anjelina anamubweza n'kunena kuti, "Inu ayi. Abwere anesi ena." Mwana ameneyu ndinamulandira ndine tsiku limene anabadwa! Ndinaima pambali ngati chitsa, mnzanga n'kumuyeza. Tinamutumiza ku chipatala chachikulu ku boma, ndipo pano ali pa mpweya wa m'makina.

M'mawa mwake tinapeza khola la nkhunda lili pansi, mitengo atazula, madengu omwe zimaikiramo mazira atamwaza. Nkhunda sanaphe ndi imodzi yomwe, ndipo poyamba sindinamvetse. Ndinadzazindikira pambuyo kuti sangaziphe, poti kwa iwo amenewo ndi ana. Anagwetsa khola kuti anawo athawe. Koma nkhunda ingathawire kuti? Zinazungulirazungulira m'mwamba, dzuwa litatentha pang'ono zinabwerera zonse n'kutera pa denga. Amayi atatuluka ndi chimanga m'mbale, kamluzu kamodzi kokha, zonse pamapewa. Anthu anali ataima m'njira akuonerera. Wina ananena mokweza kuti, "Mwaonatu, zikubwerera zokha." Amayi anawagwedezera dzanja, n'kundiuza kuti mphepo ya chaka chino ndi yoipa, yagwetsa khola limene Abambo anamanga ndi manja awo.

Tsono imvani zimene zinandiumitsa thupi. Tsiku lomwelo masana ndinawapeza kuseri kwa nyumba, mpeni uli m'manja, maunda awiri atawapana m'khwapa. Ndinafunsa kuti zatani. Anati, "Ndamva kuti kamwana ka Anjelina kagonekedwa. Msuzi wa maunda umabweza mphamvu. Ndikonze, iwe ukapereke kwa atate wake apititse." Mayo ine! Ndinaulanda mpeniwo ngati ndikulanda kwa mwana. Taganizani, nthenga zili mbwee pabwalo, magazi pa mwala, ndiye ku boma kubwere uthenga woipa tsiku lomwelo. Ndinawauza kuti adokotala aletsa za mafuta. Anayankha kuti unesi wandichotsa chifundo. Maundawo anawabweza mu dengu akung'ung'udza.

Kunyumba ndinawalandira a Matthew ndi moto. Ndinawalanda foni n'kuwerenga ndekha zonse, zimene analemba iwo ndi zimene inayankha.

Anati, "Amayi a Ufulu, amenewa ndi masewera chabe. Foni imangopeka, siidziwa munthu. Vuto ndi anthu akunowa, samvetsa zinthu."

Ndinati, "Foni siidziwa munthu, nanga inu? Foni inakwatira kuno? Inu simukudziwa zimene zimawachitikira agogo akangotchulidwa dzina limenelo?"

Ine ndinaganiza kuti mwina zalowa. Kenaka nkhope inawala, anati apeza nzeru. Anandionetsa malo ena pansi pa tsambalo, akuti ukadina pamenepo limapekanso chinsinsi china, ndipo ukhoza kudina mpaka chituluke chimene wachikonda. Anadinadina ine ndikuona. China chinati gogoyo anabisa golide pansi pa khola. China chinati ndi mfumukazi yothawa nkhondo. Pomaliza chinatuluka choti nkhundazo ndi alonda amene amateteza ana a m'mudzi ku matenda. Anati, "Ichi ndiye chabwino. Lamulungu tisewera poyera, anthu amve okha kuti gogoyo ndi wabwino." Amayi anga, amene anatilera ndi khasu atamwalira Abambo, mbiri yawo ikusankhidwa ndi chala ngati munthu akusankha tomato pamsika! Ndinawaletsa, ndinawauza kuti akangoyerekeza aona. Lamulungu ine ndinali pa ntchito, ndipo anachitadi.

Akuti anthu anabwera ambiri kuposa kale. A Matthew anapindanso msana, anatulutsanso mawu a Amayi, n'kuwerenga chinsinsi chatsopanocho. Palibe anaseka. Atamaliza, mchimwene wawo wa a Timoteyo anati, "Mwamva? Dzana lomweli kompyuta inkanena zina, lero yatembenuka. Ndi kompyuta yomwe aigwira pakamwa." Wina anaonjeza kuti ndi aphunzitsi omwe awadyetsa, taonani mmene mawu a gogoyo akutulukira m'kamwa mwawo. Anthu anabalalika akugwedeza mitu, a Dennis anazemba osatsanzika, ndipo chiyambire tsiku limenelo sanapondenso pakhomo pathu.

Nditamva, ndinatenga kathumba ka madayisi kaja n'kukakaponya m'chimbudzi. Mukanaona nkhope ya alamu anu! Anati ena mwa madayisiwo anachita kuitanitsa kunja, sapezeka m'dziko muno. Khola litagwa sanagwetse msozi, Alile atagonekedwa anangoti pepani, koma madayisi anawalira ngati maliro. Pamenepo ndi pamene ndinamanga kachikwama kanga ndi ka Ufulu.

Pano ndikugona kwa Amayi. Ndinawauza kuti tayambana pang'ono ndi a Matthew, ndipo tsiku lililonse akundilangiza kuti ndibwerere, akuti ndine wa mtima wapachala ngati azakhali. Ndimangoti chabwino Amayi. Chifukwa chenicheni n'choti Lolemba a Timoteyo ananena pa golosale, anthu akumva, kuti mwana wawo akangopita, maliro adzakhala awiri. Sanali ataledzera. Ndinakawauza abambo mfumu, ndipo analonjeza kuti akayankhula nawo, koma bambo amene mwana wake akubanika samva za munthu. Sindikuwada a Timoteyo, mantha awo ndikuwamva. Amene ndikunyansidwa nawo ndi amene anawapatsa dzina loti aloze.

A Matthew tsopano aona kuti zafika poipa. Dzulo anabwera, ananjuta patali paja monga mwa nthawi zonse, chipewa chili m'manja, n'kundiitana pambali. Akuti akufuna kupepesa kwa Amayi, koma poti sangayankhule nawo maso ndi maso, mawuwo ndipereke ndine. Koma abale! Poipitsa anayankhula okha, khonde lodzaza, ndi mawu a Amayi omwe. Popepesa ndiye akumbukira mwambo, akufuna pakamwa panga. Ndiye kuti ine ndikhale pansi, ndiwayang'ane Amayi, ndiwafotokozere chifukwa chimene anzawo a ku Lejiyo asiyira kuwadzera popita ku mapemphero? Ndinawauza kuti adikire eni mbumba. Za banja langa tidzakamba mukabwera, panopa sindikufuna n'kuziganiza komwe.

Za Alile tikumva mosiyanasiyana. Dzulo anati wayamwa pang'ono, lero m'mawa akuti thupi latenthanso. Ndikumupempherera kolona tsiku lililonse, koma ndikuuzeni zoona, pena sindidziwa ngati ndikupempherera mwanayo kapena Amayi, ndipo zimenezi zikundinyansanso. Foni ikalira m'thumba ndimayamba ndayang'ana kumene kuli chitseko.

Ndiye chonde, achimwene, pemphani tchuthi, bwerekani galimoto ngati yanu ija idakali kwa amakaniko. Mubwere masana, muime pakhomo penipeni, mupereke moni kwa aliyense monga mwa masiku onse. Amayi muwauze kuti mwapeza dokotala wa mwendo kumeneko ndipo tsiku lapangidwa kale. Adzakana chifukwa cha nkhunda, inu mudzati Magadalena azizisamala, ndipo ndidzazisamaladi. Ndikudziwa kuti akachoka anthu adzati wathawa, ndiye kuti zinali zoona. Anene. Bola azinena Amayi ali kwanu akumwa tiyi. Ndipo mukafika musayambe ndi kukawafuna alamu anu, ndikukudziwani mtima wanu. Choyamba Amayi alowe m'galimoto.

Pamene ndikulemba pano ali pambali panga pa mkeka, akusankha nyemba. Akuganiza kuti ndikukuuzani za kukolola. Andifunsa kuti kalata yake yotalika chonchi ndi ya chimanga chomwechi, ndati eya.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi kwa ana onse, muwauze kuti azakhali awo amawakumbuka. Ufulu akuti moni kwa atsibweni. Amayi akupereka moni wambiri, akuti muzivala zofunda, Mzuzu ndi Dedza n'chimodzimodzi. Akuti muuze adzukulu kuti akhoze mayeso. Akutinso ngati mungapeze wobwera kuno, mutumize paketi ya khofi wa kumeneko, wa a Matthew, poti amamukonda ndipo masiku ano akuoneka owonda, mwina ine sindikuwasamala. Andibwereza kawiri kuti ndisaiwale kulemba zimenezi.

Ndalemba chifukwa andiuza kuti ndilembe. Musagule.

Ndine mlongo wanu wodikira pa msewu,
Magadalena